Amayi Anakadzionera Okha Wondikweza Sapitwa

Ndinabadwira ku Mwadzama, pamudzi poti ukatuluka m'nyumba umamva mafunde, koma mpaka lero sindidziwa kusambira. Anthu akamva amaseka, nanenso ndimaseka nawo, ngakhale nkhani yake si yoseketsa. Ndili ku pulayimale, bambo anga ndi mchimwene wanga Rajabu anapita kokagwira usipa, mwera n'kuwapeza pakati pa nyanja. Boti linatembenuka. Ena anapulumuka, awiri athuwo ayi. Kuyambira pamenepo amayi anandiletsa madzi. Kuchapa ndinkachapira pamjigo, maulendo a sukulu ndinkangomvera kwa anzanga, ndipo ndinakula ndikusungidwa ngati dzira.

Tsono nditayamba unamwino ku Dwangwa, anzanga atatu a kuntchito anati tikakwere phiri la Mulanje mpaka pa Sapitwa. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Chinali chinthu choyamba chimene ndinachifuna ndekha, ndipo ndinachifunitsitsa. Anzangawo ankati ndingopita mwakachetechete, amayi ndikawauze nditatsika kale. Koma ine ndine mwana yekhayo amene anawatsalira. Kukwera phiri popanda dua yawo, popanda iwo kundipempherera ndi mtima umodzi, sindikanatha.

Ntchito yosankha kampani yotilondolera anzanga anaisiya m'manja mwanga. Nditafunsafunsa ndinatsala ndi makampani awiri. Ina inali ndi zithunzi zokongola, matenti atsopano, ndipo inkayankha uthenga usanazizire n'komwe. Inayo inali ya bambo wina, a Mulepa, amene pafoni anandifunsa ngati ndili ndi chifuwa cha mphumu asanandipatse n'moni. Mtima wanga unali pa yoyamba ija, ndiye ndinapita kumudzi kukaonetsa amayi zithunzi.

Anayang'ana foniyo nthawi yaitali, kenako n'kundibwezera.

"Hawa, awa ndi mano a anthu akuseka. Ine ndikufuna ndikamuone mwini wakeyo ndi maso."

"Amayi, ku Mulanje si pa Benga."

"Msewu ulipo?"

"Ulipo."

"Basi. Ndikakapeza munthu woti mtima wanga wavomera, ukwera. Ndikapanda kumupeza, nkhaniyi yathera pomwepo, ndipo usadzaiyambenso."

Ndinanyamuka pa Dwangwa m'mawa wina wa mu Juni, kukuzizira. Tinagwirizana kuti amayi adikire pamsewu pafupi ndi Benga. Kondakitala anandilandira ndi nkhani ya masiku onse, yoti mafuta avuta, mtengo wakwera, amene sakufuna atsike. Ndinalipiriratu mpando wa amayi kuti asadzapanikizike, koma tisanatuluke n'komwe m'siteji mpandowo unali utakhalidwa ndi thumba la shuga. Nditadandaula, kondakitala anati shugayo atsika pa boma la Nkhotakota. Pa boma shuga anatsikadi, pamalo pake n'kukwera matumba awiri a mpunga. Tinakhala pamenepo injini ikulira, dalaivala akupita kutsogolo pang'ono n'kubwereranso, kunamiza anthu kuti tikunyamuka.

Pa Chia dalaivala anagula chambo n'kuchimangirira pagalasi lakunja kuti chizipitidwa mphepo. Amayi tinawapeza ataima pansi pa mtengo wa mango, atafunda mpango wawo woyera wa Lachisanu, pambali pawo pali dengu la nsomba zowamba zoti tikapatse azakhali anga ku Limbe. Mpunga unasunthidwa, dengu n'kukhala pamiyendo panga. Anthu a kumbuyo anayamba kutsegula mawindo. Amayi anatembenuka n'kuwafunsa ngati kwawo ndiwo zimanunkhira sopo, ndipo mawindo anatsekedwanso.

Pambali pathu panali bambo wina wodula nzimbe, a Khomba, amene anakwera nane pa Dwangwa. Ankapita kwawo ku Phalombe kukazonda odwala. Munthuyo anali wabwino, anatigawira mtedza, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Atamva kumene tinkapita anagwira mutu.

"Sapitwa? Inu achemwali, ife tinabadwira pansi pake koma timangomuyang'ana. Kumene kuja nkhungu ikatsika, munthu woti wakugwira dzanja sumuona. Alipo anapita kumeneko osapezekanso. Anthu kufunafuna, ngakhale nsapato yokha."

Ndinawaponda phazi mwadala, iwo n'kupepesa poganiza kuti aponda ine ndi iwowo. Amayi anangokoka mpango wawo n'kuyang'ana kutsogolo, ndipo ine ndinadziwa kuti ulendo wanga wa kuphiri wayamba kuterereka.

Pa Salima tinasintha minibasi. Ya ku Balaka tinaipeza itatsala pang'ono kudzaza, ndipo ndinathokoza Mulungu. Titangokhala, amene tinawapezamo anayamba kutsika mmodzimmodzi, uyu kukagula madzi, uyu kukayankha foni, osabweranso. Anali anyamata a pasiteji ongokhalira mipando kuti ikope anthu. Tinatsala ife, a Khomba ndi mayi wina wa nkhuku ziwiri. Dzuwa linakwera, mthunzi wa minibasi unachoka mbali ina n'kupita ina. Ogulitsa mazira anatizungulira mpaka kutizolowera. Nthawi ya swala itakwana amayi anatsika kupita kumzikiti, ine mtima uli m'mwamba kuti tiwasiya. Anaswali, anacheza ndi amayi anzawo, anabwera akuyenda pang'onopang'ono, n'kupeza tikadali anthu omwe aja.

Tinanyamuka masana. Titadutsa Chipoka tinapeza masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro. Dalaivala anazimitsa wailesi, anavula chipewa, n'kuimika galimoto chifukwa anthu anali akuwoloka. Anali amuna okhaokha, ovala mikanjo ndi zisoti, atanyamula jeneza pamapewa, akulandirana mofulumira monga timachitira kwathu. Amayi anatsamira pa ine kuti aone bwino. Anaperekeza maliro aja ndi maso mpaka analowa m'mitengo ya kumanda.

"Ameneyo ndi wamwayi," anatero chapansipansi.

"Wamwayi bwanji, amayi, munthu wamwalira?"

"Amusambitsa, amuveka sanda, abale ake amunyamula. Mawa mkazi wake akadzuka adziwa mbali yoyang'ana."

Bambo ndi Rajabu nyanja sinawabweze. Anthu anafufuza m'magombe onse, mpaka kutumiza mawu ku madoko akutali, koma sanapezeke. Panalibe wosambitsa, panalibe manda. Tinangochita sadaka, anthu anadya n'kubalalika. Kunyumba kwathu nkhani imeneyi sitinkaikamba, ndipo aka kanali koyamba kumva amayi akuyandikira pafupi nayo. Minibasi inanyamuka, wailesi osayatsidwanso mpaka pa Mtakataka.

Titapitirira Golomoti tayala lakumbuyo linaphulika. Tinayenda mokhotakhota, nkhuku zikulira, mpaka dalaivala anaimika m'mphepete. Atatsitsa tayala lapadera anapeza nalonso lilibe mpweya. Iye ndi kondakitala anayamba kulozana zala, aliyense akuti inali ntchito ya mnzake, ndipo mapeto ake kondakitala anakwera njinga yamoto atakumbatira tayala kubwerera ku Golomoti. Ife tinakhala pansi pa mtengo wa mlambe, pamalo opanda nyumba, opanda wogulitsa ngakhale nthochi.

Kudikira kumayambanitsa anthu. Amayi anatulutsa mbatata yophika n'kundipatsa, kenako anati, "Ukuona? Msewu wokhawu watere. Nanga phirilo?"

Zinandikwana. Ndinawauza kuti ndine munthu wamkulu, ndimagwira odwala usiku ndi usana, ndimabaya anthu jakisoni, koma kukwera boti kokha sindinakwerepo. Ndinati anzanga onse akundiseka kuti ndatenga amayi anga kukandisankhira gaidi ngati akukandisankhira mwamuna. Mawu anatuluka okha, ndipo omaliza anali owawa.

"Amayi, ine sindinamire nawo aja. Koma mumandisunga ngati nanenso ndili pansi pa madzi."

A Khomba anadzuka n'kukaima patali, ngati akuona za tayala. Amayi anasenda mbatata yawo bwinobwino, makoko n'kuwaika pamwala. Sanadye. Kenako anati, "Ndakumva," ndipo sanaonjezerepo. Ndinamva chisoni, komanso ndinali ndikadali ndi mkwiyo, moti kupepesa kunandikanika.

Tayala linabwera dzuwa litapendeka. Pa Balaka dalaivala anati sapitirira, watopa ndi tsikuli, ndipo anatigulitsa kwa minibasi ina ya ku Blantyre imene inali yodzaza kale. Ndinakhala pakampando ka pakati, dengu pamiyendo, bondo la munthu wina kumsana. Pa Zalewa tinatsika tonse kuti apolisi aone katundu. Wapolisi wina anavundukula dengu lija, anafunsa kumene tachokera, atamva kuti ku Nkhotakota anati mwayenda, n'kutivundikirira yekha. Ku Limbe tinafika kutada, azakhali atataya kale mtima. Tinasiyana ndi a Khomba pa depoti, iwo akundilangizabe kuti ndikangojambulitsa pansi pa phiri, anzanga sakadziwa.

M'mawa mwake tinakwera ya ku Mulanje kudzera msewu wa Midima. Imeneyo sinativute. Phirilo linayamba kuoneka tili kutali, theka lake lili m'mitambo. Amayi analiyang'ana, n'kuyang'ana ine, n'kupukusa mutu.

Ofesi ya kampani yoyamba inali pafupi ndi Chitakale, yopentedwa bwino, mkati muli mapu aakulu pakhoma. Anatilandira mnyamata waulemu, anawapatsa amayi mpando ndi madzi. Sindinganame, ntchito yake ankaidziwa. Anafotokoza njira, nyumba zogonamo kuphiri, onyamula katundu, bokosi la mankhwala, nsapato zoyenera. Ine ndinkangogwedeza mutu ndikuyang'ana amayi m'mbali.

Amayi anali atakonzekera funso lawo kuchokera kumudzi. Kwathu munthu sakwera boti la woyendetsa amene sadziwa mphepo ndi mayina ake.

"Mwana wanga, mphepo za phiri lino ndi ziti? Ife kunyanja tili ndi mwera, mpoto, vuma, zambwe. Iliyonse ili ndi khalidwe lake. Zanu kuno mumazitchula chiyani?"

Mnyamatayo anayankha moona mtima kuti kuno sawerengera mphepo motero. Chimene amaopa ndi chiperoni, mvula yowaza yobwera ndi nkhungu, ndipo amayang'aniratu zanyengo asananyamuke. Amayi anafunsanso za mitambo, kuti ikaima mwakuti ndiye kuti chiyani, iye anayankha, koma ndinaona kuti mayankhowo sakuwathandiza. Zonse zimene ankadziwa zinali za madzi. Apa analibe poyezera kuti adziwe ngati munthuyu akunena zoona kapena ayi. Ndinawaona atafooka pampando paja, manja ali pamiyendo, ndipo kwa nthawi yoyamba anaoneka okalamba.

Kenako anafunsa funso lina, limene sindinkaliyembekezera.

"Nanga mwana wangayu akakafera komweko, mutsika naye?"

Mnyamata uja anadzidzimuka, n'kuseka pang'ono mwamanyazi. "Aaa, mayi, musalankhule zotero. Palibe chimene chichitike. Ife anthu athu onse amafika pamwamba ndipo amabwera bwinobwino, ndikukutsimikizirani."

"Sindinafunse zimenezo."

"Mayi, tisaitane tsoka. Mwana wanu ali m'manja abwino."

Amayi anathokoza chifukwa cha madzi, anadzuka n'kutuluka. Kunja ndinawauza kuti andichititsa manyazi, kuti munthu safunsa zotero mu ofesi ya anthu. Anangofunsa kuti winayo ali kuti.

Ku Likhubula tinapita pa njinga zamoto, amayi atagwira jekete la woyendetsa ndi manja onse awiri. A Mulepa tinawapeza pakhonde la kaofesi kawo akukangana ndi mnzawo za chingwe chimene wina anachipinda chikadali chonyowa. Anali bambo wamfupi, wa imvi zapatalipatali, ndipo pamaso anali chimodzimodzi ndi pafoni. Anapereka moni kwa amayi, anayang'ana nsapato zanga n'kunena kuti zimenezo ndi zovinira. Anatiuzanso kuti tsiku limene tinasankha akhoza kulisintha, ndipo tikafika pafupi ndi pamwamba nkhungu n'kutsika, atibweza, tilire tisalire. Ine ndinali nditawada kale.

Amayi za mphepo sanafunsenso. Anapita molunjika.

"Bambo, uyu ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Akakafera kuphiriko, mutsika naye?"

A Mulepa anasiya chingwe chija. Anakoka benchi n'kukhala moyang'anana ndi amayi.

"Titsika naye."

"Motani?"

"Pamachira. Timadula mitengo iwiri, timamanga bulangete pakati. Ndimaitana anzanga kumunsi kuno, amakwera, timalandirana. Pena pamafunika chingwe chifukwa ndi pathanthwe. Zimatenga nthawi, koma timafika."

"Munachitapo?"

"Kamodzi. Bambo wina mtima unaima tili m'njira. Sindikonda kuikamba."

"Nanga nkhungu yanuyo ikatseka, osaona njira?"

"Timadikira. Koma sitimusiya yekha, mayi. Wina amakhala naye pompo mpaka kuyere. Tsiku lija ndinakhala ndine."

Amayi anafunsa ngati amamufunditsa, chifukwa ndine mkazi ndiponso Msilamu. A Mulepa anayankha kuti amafunditsa thupi lonse, ndipo ngati pagulu pali akazi, ndi amene amamukonza zovala. Amayi anafunsanso za anthu osapezeka amene tinamva m'minibasi. A Mulepa anati zimachitika munthu akasiyana ndi gulu kapena akakwera yekha, n'chifukwa chake iwo amaika wolondolera mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo, ndipo palibe amene amaloledwa kupatuka yekha ngakhale pokadzithandiza.

"Zoti abwera wamoyo sindingalumbire, mayi. Zimenezo n'za Mulungu, ine ndimangoyesetsa mbali yanga. Ambiri amatsika akudandaula miyendo basi. Koma zoti mudzamuona, zimenezo ndikulonjezani."

Ine ndinali nditaima pambali, ndikumvetsera anthu awiri akukambirana za mtembo wanga, mitengo yake, bulangete lake, ondinyamula. Ndinayang'ana phiri lija, linali pamwamba pathu penipeni, lakuda, madzi akutsika m'matanthwe. Ndinayang'ananso amayi, mpango wawo woyera utafiira ndi fumbi la masiku awiri. Ndinaganiza za iwo atakhala pabenchi lomwelo akudikira machira, ndipo ndinachita mantha enieni, oopera iwo kuposa ine.

Amayi anatsanzika, tinatsika kanjira kopita kumsewu. Tisanafike pamene panali njinga zija ndinawagwira dzanja.

"Amayi, basi. Ndasiya. Sindikwera. Anzanga apite okha, ine ndiwauza kuti ndadwala. Tiyeni tizipita kwathu."

Ndinkaganiza kuti apumira m'mwamba. Anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zovinira zija.

"Wandiyendetsa dziko lonseli kuti udzandiuze zimenezo?"

"Ndaona mmene zikukupwetekerani."

"Zindipweteka ukakwera, zindipweteka ukapanda kukwera. Zija unanena pa tayala paja sunaname." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ine imfa sindingakutchingire, Hawa. Ndinayesa, ndaona kuti ndikungokutchingira moyo. Chimene sindikanapirira n'kuyambanso kufunsa anthu m'njira ngati akuona. Bambo uja wati adzakubweretsa. Ndamukhulupirira."

Ndinayamba kulira pamsewu pomwepo, anyamata a njinga akutiyang'ana. Amayi sanasamale za iwo. Anatambasula manja awo awiri, zikhatho kumwamba, n'kundiuza kuti nditambasule anga. Anapemphera motsitsa mawu, anatchula dzina langa, la bambo, la Rajabu, anatchulanso a Mulepa ndi onyamula katundu amene sanawaone n'komwe. Atamaliza anapukuta nkhope yawo ndi manja, kenako anapukuta yanga.

"Bwerera ukamuuze kuti tasankha iyeyo. Ukwere, ukafike pamene akulole kufika. Akati bwerera, ubwerere." Anandikankha pang'ono paphewa. "Pita wekha. Ine ndikudikira pano."